Kalata ya m'banja mwathu: mmene Akatolika anaphunzirira kuwerenga Baibulo

Inu amene mumapemphera ku parishi ya St Helena kuno ku Ellenbrook, kumpoto chakum'mawa kwa mzinda wa Perth, mumamva mawu a Mulungu abale anu a ku Malawi asanadzuke. Nthawi ya kuno ili patsogolo ndi maola 6, choncho wowerenga akamakwera pa gome la mawu m'mawa wa Lamulungu, ku Likuni ndi ku Limbe kumakhala kukadali mdima. Kukacha, nawonso amamva mawu omwewo. Kawirikawiri amayamba ndi Chipangano Chakale, kenako salimo, kenako kalata ya mtumwi, potsiriza Mthenga Wabwino. Kuno m'Chingerezi, kwathu m'Chichewa. Ambirife timayesa kuti zakhala choncho kuyambira kale, koma ayi. Agogo athu amene anabatizidwa ku Nzama kapena ku Mua ankamva Misa m'Chilatini, ndipo Chipangano Chakale pa Lamulungu sichinkamveka kawirikawiri. Zinthu zinasintha ndi Msonkhano Wachiwiri wa Vatican, umene unachitika kuyambira 1962 mpaka 1965. Mwa zikalata zake 16 muli kamodzi kakafupi, ka mitu 6 yokha, kotchedwa Dei Verbum, kamene Papa Paul VI analengeza pa 18 Novembala 1965. Kamafotokoza mmene Mulungu amadziululira kwa anthu. Ndikufuna tikambirane za kachikalata kameneka ngati anthu a nyumba imodzi.

Tiyambire pa chinthu chimene tonse tikuchidziwa. M'midzi yambiri ya kwathu munali abambo amene anapita ku migodi ya ku Joni pa Wenela, ena kukagwira ntchito ku Salisbury ndi ku Bulawayo. Foni kunalibe. Chimene chinkalumikiza bambo ndi ana ake chinali kalata, imene inkadzera ku sukulu kapena ku mishoni, n'kufika itapindika m'makona, yada ndi manja a anthu oinyamula. Ikafika ankayala mphasa pakhonde, kuitana amalume ndi azakhali, ndipo mwana wa sitandade 5 ankaimirira n'kuyamba kuwerenga mojejema, aliyense atatchera khutu. Musachitaye chithunzi chimenechi, chifukwa zonse zimene ndifotokoze zili momwemo.

Kodi bambo uja ankalemberanji? Sankalemba kuti ana ake adziwe kuya kwa mgodi kapena mtengo wa buledi ku komponi. Ankalemba kuti ana amudziwe iye mwini, adziwe kuti ali moyo, akuwaganizira, ndipo tsiku lina adzabwera. Komanso mawu sankayenda okha. Pamodzi ndi kalata pankafika bulangete, kapena ndalama ya msonkho. Kalata inkanena chifukwa chake bulangete latumizidwa, ndipo bulangetelo linkatsimikiza kuti mawu a m'kalata si opaka mafuta pakamwa. Mutu woyamba wa Dei Verbum ukunena zomwezi za Mulungu. Mabuku ambiri a m'maseminale akale ankafotokoza chivumbulutso ngati mndandanda wa mfundo zoona zimene Mulungu anatipatsa kuti tiziloweze. Mfundozo zilipo ndithu, ndipo msonkhano sunazitaye. Koma unayambira pena: Mulungu amadziulula iye mwini, amalankhula ndi anthu monga abwenzi ake, ndipo amachita zimenezi ndi ntchito pamodzi ndi mawu. Anatulutsa Aisraele ku Ejipito, ndipo aneneri anafotokoza tanthauzo la ntchito imeneyo. Kenako linafika tsiku limene mwini kalata anatsika yekha pa siteji ya basi n'kulowa m'nyumba. Ameneyu ndi Yesu Khristu. Mwini wake atafika, palibenso uthenga wina watsopano umene banja lonse likudikira, kufikira adzabwerenso mu ulemerero. N'chifukwa chake munthu akakuuzani kuti usiku wapitawu Mulungu wamuululira chinsinsi chimene atumwi sanachidziwe, Mkatolika muli ndi ufulu wonse womufunsa mafunso. Ngakhale zoonekera za ku Lourdes ndi ku Fatima, zimene Mpingo unavomereza, siziwonjezera kanthu pa zimene Khristu anabweretsa. Zimangotikumbutsa.

Chikalatachi sichinabadwe mosavuta. Mu Novembala 1962 maepiskopi anapatsidwa zolemba zoyambirira zimene akatswiri a ku Rome anakonza, zonena kuti chivumbulutso chili ndi magwero awiri, Malembo kwina, Mwambo wa Mpingo kwina. Ambiri sanakondwe nazo. Ankaona kuti ndi zolembedwa mwamantha, zokayikira akatswiri a Baibulo, ndi zotsekera khomo abale a mipingo ina. Pa 20 Novembala anavota. Maepiskopi 1,368 anati zolembazo zichotsedwe, 822 anati zipitirire. Malamulo ankafuna magawo awiri mwa atatu, ndipo chiwerengero chinapereweza pang'ono. Mawa lake Papa John XXIII analowererapo, anazichotsa zolembazo, n'kukhazika komiti yatsopano yotsogoleredwa ndi Kadinala Alfredo Ottaviani, amene ankateteza njira yakale, pamodzi ndi Kadinala Augustin Bea, amene kwa zaka zambiri anali mkulu wa sukulu ya Baibulo ya Papa ku Rome. Panapita zaka zitatu akulemba ndi kufufuta. Pa voti yomaliza, 2,344 anavomera ndipo 6 okha anakana. Ine ndimaona kuti kulimba mtima kwa Papa John tsiku lija ndi chimodzi mwa zinthu zazikulu zimene zinachitika pa msonkhano wonsewo.

Nanga nkhani ya magwero awiri inatha bwanji? Tibwerere pa mphasa paja. Kalata ikuti Nachisale apatsidwe munda wa kudambo. Mlendo wotola kalatayi pa msewu akhoza kuwerenga liwu lililonse molondola, koma sangadziwe kuti mwa Anachisale atatu a m'mudzimo akunenedwa ndi uti, kapena kuti malire a mundawo ali pa mtengo uti. Banja likudziwa, chifukwa banja linalipo kalata isanalembedwe. Mpingonso unalalika, unabatiza, unanyema mkate pafupifupi zaka 20 Paulo asanalembe kalata yake yoyamba kwa Atesalonika cha m'ma 50. Ndi banja lomweli limene linazindikira dzanja la mwini wake, n'kunena kuti mabuku awa ndi athu, awa si athu. Moyo umenewu, wa kupemphera, kuphunzitsa ndi kukumbukira kuchokera kwa atumwi mpaka lero, ndiwo Mwambo. Dei Verbum ikuti Malembo ndi Mwambo zimatumphuka pa kasupe mmodzi ndipo zimalowera kumodzi, ndiponso kuti kumvetsa kwa Mpingo kumakula m'kupita kwa nthawi, monga mwana amene anamva kalata ali wamng'ono amaimvetsa mozama akadzabereka ake.

Pa mphasa pamakhalanso amalume. Abale akasemphana pa tanthauzo la kalata, ndi iwo amene amagamula. Mu Mpingo udindo umenewu ndi wa Papa ndi maepiskopi. Koma apa msonkhano unanena chinthu chimene mkhristu aliyense ayenera kuchisunga: udindo wophunzitsawo suli pamwamba pa mawu a Mulungu, umawatumikira. Amalume abwino amayamba amvetsera kalata yonse. Sangaifufute, sangawonjezeremo munda umene mlamu wawo sanautchule.

Tsopano tafika pamene pali mnofu wa nkhani yathu. Kodi Baibulo linalembedwa bwanji? Ena amaganiza ngati mayi wosadziwa kulemba amene akuuza mwana wa sukulu liwu ndi liwu, mwanayo n'kumangolemba osaikapo nzeru yake. Dei Verbum ikutitengera ku chithunzi china. Taganizani bambo uja atapempha mnzake wapamtima, wodziwa banja lonse, kuti alembere kumudzi zonse zimene zili pamtima pake. Mnzakeyo alemba ndi dzanja lake, m'chilankhulo cha kwawo, ndi miyambi imene anakula nayo. Ngati ndi Mlomwe zimveka, ngati ndi Mngoni wa ku Ntcheu zimvekanso. Komabe uthenga wonse ndi wa bambo uja. Fanizoli limaperewera pa mfundo imodzi, chifukwa Mzimu Woyera sanangopempha n'kuchoka, anagwira ntchito mwa olembawo kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Koma msonkhano unanenetsa kuti anthu amene Mulungu anawasankha anali olemba enieni, ogwiritsa ntchito nzeru zawo ndi luso lawo lonse. Amosi akumveka ngati woweta nkhosa wa ku Tekowa, Luka akumveka ngati munthu wophunzira bwino Chigiriki. Ndipo choonadi chimene mabukuwa amaphunzitsa mosalakwa ndi chimene Mulungu anafuna kuti chilembedwe chifukwa cha chipulumutso chathu.

Ngati olembawo anali anthu enieni, ndiye kuti kuti timve zimene Mulungu akunena tiyenera kufufuza zimene munthuyo ankafuna kunena, kwa yani, nthawi iti, ndi m'kalembedwe kotani. Izi si zachilendo kwa ife. M'kalata imodzi muli malonje, muli malangizo a ndalama, muli mwambi wodzudzula mwana waulesi, mwina ndi kanthano. Palibe amene amasokoneza. Bambo akalemba kuti mtima wake uli kumudzi, palibe amene amapita kukaufunafuna kuseri kwa nkhokwe. Baibulo ndi mabuku 73 kwa ife Akatolika, ndipo muli mbiri, malamulo, nyimbo, miyambi, maulosi, makalata ndi masomphenya. Lililonse limanena zoona mwa njira yake.

Tsegulani Genesis muone nokha. M'mutu woyamba, zomera ndi nyama zikulengedwa kaye, anthu pomalizira, mwamuna ndi mkazi pamodzi. M'mutu wachiwiri, mwamuna akuumbidwa kaye, kenako munda, kenako nyama, pomalizira mkazi. Amene anaika nkhani ziwirizi pamodzi sanali wakhungu. Anaona kusiyanako ndipo sanavutike nako, chifukwa nkhani zonse ziwiri zikuphunzitsa kuti dziko ndi la Mulungu, ndi labwino, ndipo munthu ali ndi ulemu wapadera. Tsono mwana wanu akabwera kuchokera ku Holy Cross College kapena sukulu ina iliyonse n'kukufunsani kuti zilombo zakale zija za dinosaur zinalengedwa tsiku liti, musamukalipire ngati wayamba kutaya chikhulupiriro. Muuzeni kuti Genesis akuyankha funso lakuti ndani analenga ndi chifukwa chiyani, ndipo sayansi ikufufuza kuti zinayenda bwanji. Mumuuzenso kuti amene anafotokoza mu 1927 kuti chilengedwe chonse chikufutukuka, maganizo amene anabala chiphunzitso cha Big Bang, anali wansembe wa Katolika wa ku Belgium, Bambo Georges Lemaître.

Chimodzimodzi ndi buku la Yesaya. Mneneriyo anakhala ku Yerusalemu zaka zoposa 700 Khristu asanabadwe, koma kuyambira mutu 40 mawu akulankhula kwa anthu amene ali kale ku ukapolo ku Babiloni, ndipo akutchula dzina la mfumu Kirusi wa ku Persiya. Akatswiri ambiri, Akatolika ndi ena omwe, amati chigawo chimenechi chinalembedwa ndi mneneri wina wa nthawi ya ukapolo. Zimenezi sizichotsa kanthu. Zimatithandiza kumva kulemera kwa mawu achitonthozo aja, podziwa kuti ankanenedwa kwa anthu okhala kutali ndi kwawo, olira mudzi wawo. Amene tili kunjafe sitifunika kufotokozeredwa zambiri pamenepa.

Musaganize kuti ufulu wofufuza choterewu unabwera ulere. Bambo Marie-Joseph Lagrange, wa chipani cha Dominiko, anatsegula sukulu ya Baibulo ku Yerusalemu mu 1890, yotchedwa École Biblique, kuti ansembe aphunzire Chihebri ndi Chigiriki akuponda nthaka imene nkhanizo zinachitikira. Akuluakulu ena ku Rome anamukayikira, ndipo mu 1912 anachoka ku Yerusalemu kwa chaka chimodzi. Anamvera osanyoza, ndipo anabwerera kukapitiriza ntchito. Mu 1943 Papa Pius XII analemba kalata ya Divino afflante Spiritu yolimbikitsa akatswiri kumasulira kuchokera ku zilankhulo zoyambirira ndi kusamala mitundu ya kalembedwe. Ngakhale zinali choncho, msonkhano uli pafupi kuyamba, aphunzitsi awiri a sukulu ya Baibulo ya Papa, Bambo Stanislas Lyonnet ndi Bambo Maximilian Zerwick, anaimitsidwa kuphunzitsa, ndipo anabwezeredwa mu 1964. Dei Verbum ndi imene inatseka mkanganowu, ponena poyera kuti kuphunzira Malembo kukhale mzimu wa maphunziro onse a zaumulungu. Thukuta la anthu amenewa mumalimva m'makutu mwanu mosadziwa. Sukulu ya Lagrange ndi imene inatulutsa Baibulo la Chifalansa la Yerusalemu mu 1956, la Chingerezi lake linatuluka mu 1966 ndi dzina loti Jerusalem Bible, ndipo kwa zaka zambiri mawu owerengedwa pa Misa m'matchalitchi a Katolika a ku Australia akhala akuchokera m'menemo.

Pa Mthenga Wabwino msonkhano unayenda mosamala kwambiri. Unatsimikiza mosakayika kuti mabuku anayiwa akunena mokhulupirika zimene Yesu anachitadi ndi kuphunzitsa. Unafotokozanso njira imene anadzera: poyamba Yesu mwini, kenako atumwi akulalika atamvetsa bwino chifukwa cha kuuka kwake, pomalizira olemba anayi amene anasankha zina, kufupikitsa zina, ndi kufotokoza zina molingana ndi zosowa za mipingo imene ankailembera. N'chifukwa chake pemphero la Atate Athu ndi lalitali mwa Mateyo koma lalifupi mwa Luka, ndipo Yohane akuika nkhani yothamangitsa amalonda m'Nyumba ya Mulungu koyambirira pamene enawo akuiika kumapeto. Ana anayi akamalembera abale za bambo awo, mmodzi amayambira pa maliro, wina pa ubwana, koma bambo ndi yemweyo.

Kwathu zipatso zake zinaoneka msanga. Abale athu a mipingo ina anali ndi Buku Lopatulika kuyambira 1922, ntchito imene anaitsogolera William Murray wa mishoni ya Nkhoma. Akatolika tinalandira Baibulo lathunthu la Malembo Oyera mu 1966, lomasuliridwa ndi Bambo Louis Villy wa chipani cha White Fathers. Dei Verbum inati khomo la Malembo litseguke kwa akhristu onse, ndipo inalola kuti Akatolika amasulire pamodzi ndi a mipingo ina. Kale zimenezi zikanamveka ngati maloto, pamene Mkatolika ankaopa ngakhale kugwira Baibulo la mnansi wake wa Sinodi. Koma anakhaladi pa tebulo limodzi kwa zaka zambiri, ndipo mu 1998 bungwe la Bible Society of Malawi linatulutsa Buku Loyera, m'Chichewa chimene timalankhula masiku ano. Mu 1969 Mpingo unatulutsanso dongosolo latsopano la mawu a pa Misa, la zaka zitatu: chaka A Mateyo, chaka B Marko, chaka C Luka, ndipo Yohane amamveka makamaka nyengo ya Lenti ndi ya Pasaka.

Chipatso chimene chimandikondweretsa koposa ndi mphakati, kagulu ka akhristu oyandikana kokumana kuti agawane mawu a Mulungu. Ambuye Patrick Kalilombe anaphunzira za Baibulo ku Rome, anaphunzitsa ku seminale ya Kachebere, ndipo anakhala episkopi wa Lilongwe mu 1972. Kuyambira 1973 mpaka 1975 anayendetsa sinodi ya dayosizi imene inaika miphakati patsogolo, pa nthawi imene maepiskopi a AMECEA, bungwe lawo la kum'mawa kwa Africa, nawonso anasankha njira yomweyo. Ku Lumko ku South Africa anakonza njira ya masitepe 7 yogawana mawu a Mulungu, imene inafalikira m'maiko ambiri. Amene munakhalapo pa mphakati mukudziwa mmene zimakhalira. Mabenchi awiri ndi mphasa pansi pa mtengo wa mango, Baibulo limodzi lokutidwa ndi pepala la pulasitiki, mtsikana akuwerenga ndime kawiri, kenako bata, kenako agogo amene sadziwa kulemba dzina lawo akubwereza liwu limodzi limene lawagwira mtima n'kulifotokoza mwakuti ndi katekisiti yemwe amagwedeza mutu. Kalata yabwerera pa mphasa pamene inayenera kukhala.

Pali mbuna ziwiri zimene tiyenera kuzipewa, ndipo Mpingo unazitchula zonse. Yoyamba ndi kuzula vesi limodzi n'kuthamanga nalo. Mu 1993 komiti ya Papa ya za Baibulo, pansi pa Kadinala Joseph Ratzinger, inanena kuti kufufuza mbiri ya Malembo ndi kofunika kosalephereka, ndipo inachenjeza kuti kuwerenga kongotenga liwu lililonse monga lalembedwera, osafunsa nthawi yake ndi kalembedwe kake, ndi koopsa. Kwathu tikuziona. Munthu amatola vesi la chakhumi kapena la temberero n'kuopseza nalo mkazi wamasiye mpaka agulitse mbuzi yake yomaliza. Zimenezi zimandipweteka mtima, chifukwa wochita zotere wang'amba mzere umodzi m'kalata ya chikondi n'kuusandutsa chikwapu. Mbuna yachiwiri ndi ya wophunzira amene amadziwa mtundu wa pepala, inki ndi sitampa, koma waiwala kuti kalatayo ikulankhula kwa iye. Ratzinger yemweyo, atakhala Papa Benedict XVI, anabwereza chenjezoli mu Verbum Domini mu 2010. Dei Verbum inali itanena kale kuti ndime iliyonse iwerengedwe pamodzi ndi Baibulo lonse, mkati mwa Mwambo wamoyo wa Mpingo, ndi mwa Mzimu yemweyo amene anailembetsa. Inavomerezanso kuti m'Chipangano Chakale muli zina zosakwanira ndi za kanthawi, zimene zimamveka bwino zikaunikidwa ndi Khristu.

Tsono abale anga, msonkhano unapempha akhristu onse, osati ansembe ndi masisitere okha, kuti aziwerenga Malembo kawirikawiri ndi pemphero. Mu 2019 Papa Francis anakhazikitsa Lamulungu la Mawu a Mulungu, limene limakhala Lamulungu lachitatu la nyengo ya pa chaka, chakumapeto kwa Januwale. Musadikire tsiku limenelo. Wina akamapita kumudzi, mumutume Buku Loyera lokhala ndi mabuku onse 73, liikidwe pa tebulo pambali pa la Chingerezi la ana anu. Loweruka madzulo werengani pamodzi mawu a mawa lake, ana m'chilankhulo chawo, inu m'chanu. Musadumphe mawu oyamba a buku lililonse ndi timawu ta m'munsi mwa tsamba, chifukwa m'menemo ndi mmene akatswiri aja anakusiyirani ntchito yawo. Pamene simukumvetsa, lembani funsolo, mupite nalo kwa abambo mfumu kapena ku gulu la Baibulo la pa parishi, ndipo mukafunse mosaopa.